Malangizo kwa odzipereka ochokera ku Zambia pa ntchito yowerenga mitengo ku Dedza

Malangizowa ndi a magulu ochokera ku Chipata, Katete ndi madera ena a kum'mawa kwa Zambia amene akubwera kudzathandiza kuwerenga ndi kupima mitengo m'tauni ya Dedza ndi m'munsi mwa phiri lake. Za ziphaso za pachipata cha Mwami mukuzidziwa kale. Musaiwale juzi: phiri la Dedza ndi lotalika pafupifupi mamita 2,200, ndipo mu Juni ndi Julayi m'mawa zala zimachita kuuma, pensulo osagwirika.

Musanayambe ntchito, gulu lililonse likaonekere kwa amfumu a m'dera limene lapatsidwa, ndiponso kwa komiti ya m'mudzi yoyang'anira zachilengedwe. Olowa m'nkhalango ya boma adzere kaye ku ofesi ya za nkhalango. Nkhwangwa ndi zikwanje zitsale kunyumba. Lamulo la za nkhalango la 1997 analikonzanso mu 2020 n'kukhwimitsa zilango kwa odula mitengo ndi ootcha makala, choncho mlendo wopezeka m'phiri chikwanje chili m'manja amavutika kudzifotokoza.

Kapimidwe ka mtengo. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, ndiye werengani mofatsa. Mtengo uliwonse upimidwe pa msinkhu wa mita 1.3 kuchokera pansi. Malangizo amati ndi pachifuwa pa munthu wamkulu, koma anthu timasiyana misinkhu. Pezani nsungwi youma, muidule pa muyeso womwewo, ndipo gulu lonse lizigwiritsa ntchito yomweyo. Kulungani tepi mozungulira thunthu pamene nsungwi yathera, mosapendekeka, mulembe masentimita. Wofuna kudziwa kunenepa kwa thunthu kuchokera mbali ina kufika ina agawe nambalayo ndi 3.14, koma zimenezo mukachitire kunyumba. Pamalo otsetsereka imani chakumtunda kwa mtengo. Ngati mtengo wachita mphanda m'munsi mwa muyesowo, pimani nthambi iliyonse payokha ngati mitengo iwiri. Pamene pali chotupa, pimani pamwamba pake pang'ono ndipo mulembe kuti mwatero. Chifukwa chake n'chakuti chaka chamawa kudzabwera anthu ena kudzapima mtengo womwewo. Mukapima mwa mmene mwaonera inu, nambala zidzanena kuti mtengo wakula pomwe sunakule.

Zitsa nazo zilembedwe. Chitsa cha msuku kapena mlombwa chimene chikuphukira n'chamtengo wapatali kuposa mbande ya m'chubu, poti mizu yake inakhazikika kale ndipo chilimwe sichiiopsa. Lembani kuchuluka kwa mphukira ndi ngati mbuzi zadyako. Osathenera nokha, ntchito imeneyo ndi ya eni malo.

Dzina la mtengo lilembedwe monga alitchulira anthu a pamalopo, ngakhale kwanu mumautchula ndi dzina lina. Mukakayika, jambulani tsamba, khungwa ndi chipatso ngati chilipo, kenaka mufunse agogo amene komiti yakupatsani kuti muziyenda nawo. Pulogalamu ya pa foni ya iNaturalist, yozindikirira zomera ndi nyama, imathandiza, koma pa mitengo yachilengedwe ya kuno ine ndimakhulupirira kwambiri mayi amene wakhala akutola nkhuni m'phirimo kuyambira utsikana wake. Paini ndi bulugamu zili ndi danga lakelake pa fomu.

Mitengo ikuluikulu yambiri mudzaiona itatsala kumanda. Musalowemo. Inu amene mumapita ku Kulamba ku Mkaika simufunika kuuzidwa chimene dambwe litanthauza. Amfumu akalola, iwo ndi amene asankhe wokapima. Akakana, lembani kuti malowo sanawerengedwe, basi.

Magulu amene adzapite ku Chongoni adziwe kuti zojambula za pamiyala kumeneko zili m'kaundula wa UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, kuyambira 2006, ndipo malo ake ndi 127. Zofiira anajambula ndi Abatwa, amene kuno timati Akafula. Zoyera ndi za Achewa, zokhudza Nyau ndi chinamwali. Osazigwira, osalembapo dzina, osasonkha moto m'phanga. Ena amathira madzi kuti chithunzi chioneke bwino mu foni. Chonde musatero, utotowo ukachoka palibe angaubwezere.

Mukaona moto wolusa, womwe nthawi zambiri umayamba ndi osaka mbewa pakati pa Ogasiti ndi Okutobala, dziwitsani komiti msanga, ndipo musathamangire kumtunda kwa moto chifukwa umakwera phiri mofulumira kuposa munthu.

Mafomu alembedwe ndi pensulo, inki imafufutika ndi mame. Akhale awiriawiri. Imodzi ipite kwa wotsogolera gulu, ina itsale kwa mlembi wa komiti ya m'mudzi tsiku lomwelo musananyamuke, kuti pokonzekera nyengo yobzala mitengo, imene imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo, eni mudzi adziwe pofunika mbande ndi pofunika kungosamala zitsa.