Tsiku lopuma, chokanipo pa hostel

Abale amene mumagwira ntchito m'mahostel a alendo ku Cape Town, makamaka ngati mumagona pomwepo, tsiku lanu lopuma musamakhale pamalopo. Mukangooneka pakhonde ndi kapu ya tiyi, mlendo uyu wataya kiyi, uyo akuti madzi a kubafa sakutentha, mudzangozindikira dzuwa lapendeka mukuyalabe mabedi, ulere. Lawirani m'mawa, kwerani basi ya MyCiTi, mukapitidwe mphepo ku Sea Point kapena mukacheze kwa anzanu.

Lamulo la ntchito ku South Africa limati maola anthawi zonse asapitirire 45 pa sabata, ndiye muzilemba m'kabuku nthawi yoyambira ndi yowerukira. Za malo ogonawo, funsani abwana pachiyambi pomwe ngati akudula pamalipiro, ndipo ndi zingati. Akulembereni papepala.