Kusiya zokhutitsa kapena kuwerenga mapointi: musanasankhe njira yochepetsera thupi

Munthu akangonena kuti akufuna kuchepetsa thupi, aphungu amachuluka. Uyu akuti siyani buledi, mpunga, mbatatesi ndi shuga, koma nyama, mazira ndi batala idyani mpaka mukhute. Uyo akuti ayi, chonenepetsa ndi mafuta, chakudya chilichonse n'chololedwa malinga muziwerenga mapointi ake ndipo musapyole amene mwapatsidwa pa tsiku. Aliyense amabwera ndi umboni wa m'bale kapena mnzake amene anaphwa mimba, ndipo onsewo sakunama. Mwayi wake ndi woti njira ziwirizi zinayesedwa kale pa anthu mazanamazana, mbali ndi mbali, choncho palibe chifukwa choyendera mphekesera.

Njira yochepetsa zokhutitsa, kutanthauza sitachi ndi shuga zimene azaumoyo amazitchula kuti ma carbohydrate, ndi yakale. William Banting wa ku London analemba kabuku mu 1863 kofotokoza mmene anachepera thupi atasiya buledi, shuga, mowa ndi mbatatesi. Amene anaitchukitsa m'nthawi yathu ino ndi Robert Atkins, dokotala wa mtima wa ku New York, kudzera m'buku lake la mu 1972. Pa ndondomeko yake, masabata awiri oyamba munthu sapyola magalamu 20 a ma carbohydrate pa tsiku. Nthochi imodzi yakupsa, yosakula kwambiri, yapyola kale mlingo umenewo. Zotsala m'mbale ndi nyama, nsomba, mazira, masamba ndi mafuta. Akatha masabata awiriwo amayamba kubwezeramo zina pang'onopang'ono.

Chimene chimakopa anthu ambiri ndi sikelo ya sabata yoyamba. Lolemba munali makilogalamu 92, Lamlungu sikelo ikuti 90, thalauza layamba kukhwepa m'chiuno. Musafulumire kuvina. Thupi limasunga shuga m'chiwindi ndi m'minofu, pafupifupi theka la kilogalamu mwa munthu wamkulu, ndipo galamu iliyonse ya shuga wosungidwayo imagwira madzi okwana magalamu 3. Mukasiya zokhutitsa, thupi limayamba ladya nkhokwe imeneyi, madzi aja n'kutuluka ngati mkodzo. Insulin, timadzi ta m'thupi timene timayendetsa shuga wa m'magazi, nayo ikatsika, impso zimataya mchere ndi madzi ochulukirapo. N'chifukwa chake masiku oyambawo mumadzuka kawirikawiri usiku kukataya madzi, mutu umalemera, thupi limafooka, ndipo ena amamva kafungo kachilendo m'kamwa. Gawo lalikulu la makilogalamu awiri aja ndi madzi. Mafuta nawo amayamba kusungunuka, koma pa liwiro lawo, osati la sabata yoyamba.

Komabe njirayi imagwira ntchito. Nyama, nsomba ndi mazira zimakhalitsa m'mimba, munthu samva njala msanga. Chinanso, pafupifupi zonse zimene timatolatola pakati pa chakudya, mabisiketi, makeke, maswiti, zakumwa zotsekemera, zimagwera mbali yoletsedwa. Munthu amapezeka akudya zochepa osawerenga kalikonse.

Ya mapointi inachokera kwina. Jean Nidetch, mayi wa ku Queens mumzinda wa New York, anayamba ndi kuitana anzake kunyumba kwake kuti azilimbikitsana sabata ndi sabata, ndipo mu 1963 gululi linasanduka kampani ya Weight Watchers. Mapointi anabwera mu 1997. Chakudya chilichonse chinapatsidwa nambala: makalori (muyeso wa mphamvu imene chakudya chimapatsa thupi) ndi mafuta ankakweza nambalayo, pamene fiber, zija za m'masamba, m'nyemba ndi m'gaga zimene sizigayika koma zimafewetsa chimbudzi, inkaitsitsa. Munthu amapatsidwa mapointi a tsiku malinga ndi kulemera kwake, ndipo amawagwiritsa ntchito monga amachitira ndi malipiro a pamwezi: ukawononga ambiri pa keke masana, madzulo udya zochepa. Kawerengedwe kake kakhala kakusintha. Mu 2010 zipatso ndi masamba ambiri anazichotsera mapointi, ndipo mu 2015 shuga ndi mafuta oundana anayamba kukweza nambala pamene zomanga thupi zinayamba kuitsitsa. Choncho mapointi a masiku ano sakulimbana ndi mafuta okha, ngakhale anthu ambiri akadaganizabe choncho.

Mafuta amadya mapointi ambiri chifukwa galamu imodzi ili ndi makalori 9, pamene ya sitachi kapena ya zomanga thupi ili ndi 4. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120. Yesani izi musanayatse moto. Thirani mafuta m'poto kuchokera m'botolo mmene mumathirira masiku onse, dzanja lanu lomwelo, osadzinyenga. Kenako atungeni ndi supuni, mukuthira m'kapu ndi kuwerenga. Ngati mwapeza masupuni 4, ndiye makalori 480 amene alowa m'ndiwo zisanakhale n'komwe pa moto, ndipo palibe amene adzawaone m'mbale. Phindu lalikulu la kuwerenga mapointi lagona pamenepa. Kumaonetsa poyera zimene dzanja limachita maso osaona.

Nanga iti imachepetsa kwambiri? Mu 2005, Michael Dansinger ndi anzake ku Boston anafalitsa zotsatira za anthu 160 amene anawagawa m'magulu anayi a anthu 40. Gulu lina linatsata Atkins, lina Weight Watchers, ena awiriwo njira za Zone ndi Ornish. Chitatha chaka, a Atkins anali atachepa ndi makilogalamu 2.1, a Weight Watchers ndi 3.0, kusiyana kochepa kwambiri moti ofufuzawo sanaike njira imodzi patsogolo pa inzake. Nambala yofunika kuiyang'anitsitsa ndi ina. Mwa anthu 40 a Atkins, 21 okha ndi amene anafika kumapeto kwa chaka, ndipo mwa 40 a mapointi anafika 26. M'magulu onse, amene anachepa kwambiri ndi amene anagwiritsitsa ndondomeko yawo, kaya inali iti.

Ku Britain anapeza zofanana mu 2006: a Atkins anatsogola m'masabata anayi oyamba, koma pofika miyezi 6 onse anali atafanana, pafupifupi makilogalamu 6. Kafukufuku wamkulu wa ku yunivesite ya Stanford ku America wa mu 2018, wotsogoleredwa ndi Christopher Gardner, anatsata anthu 609 kwa chaka chathunthu. Ochepetsa zokhutitsa anataya makilogalamu 6.0, ochepetsa mafuta 5.3. Apa panalibe mapointi, koma magulu onse awiri anauzidwa zofanana: adye masamba ambiri, asiye shuga ndi ufa woyeretsedwa, aziphika okha kunyumba. M'gulu lililonse munali ena amene anachepa ndi makilogalamu oposa 20, ndi ena amene anatha chaka atanenepa kuposa poyamba. Kusiyana kwa munthu ndi munthu kunali kwakukulu kuposa kusiyana kwa njira ndi njira.

Ndiye funso loti iti ndi yabwino lisakutayitseni nthawi. Funsani kuti chakudya chopyola muyeso chikulowera khomo liti mwa inuyo, ndipo ndi njira iti imene mudzakhale mukuitsatabe m'mwezi wa 8, chidwi cha poyamba chitatha, maphwando atadutsa, a kunyumba atasiya kukuyamikirani.

Kuti mudziwe khomolo, tengani kope ndipo kwa masiku 7 lembani chilichonse cholowa m'kamwa, osasintha kadyedwe ngakhale pang'ono. Lembani nthawi yomweyo, osati usiku pogona, chifukwa zotolatola zimaiwalika. Masupuni a shuga mu tiyi, zolawa pophika, zotsala za ana, mowa, zonse zilembedwe. Kenako werengani. Ngati tsamba ladzaza ndi buledi, zakumwa zotsekemera ndi zophikidwa ndi ufa, ndipo njala imakugwiraninso pakangotha maola awiri mutadya, kuchepetsa zokhutitsa kukuyenerani. Kumayeneranso munthu amene amatopa ndi kuwerenga, ndi uja woti akalawa bisiketi imodzi samasiya mpaka paketi itatha. Kwa woteroyo lamulo loti osagwira n'komwe ndi lopepuka kuposa loti pang'ono chabe. Koma ngati tsamba likuonetsa zokazinga, nyama yonona, mbale yosefukira ndi kuonjezera kachiwiri, kapena mumadya mphika umodzi ndi banja lonse moti kuphika kwapadera sikungatheke, tengani njira yowerenga. Imayeneranso amene amadalira nyemba ndi zipatso, ndi amene thumba silingawalole nyama kapena nsomba tsiku ndi tsiku. Ambiri amaiwala mfundo ya thumbayi, chikhalirecho ndi imene imagwetsa anthu mwezi wachiwiri.

Kwa amene mwasankha kuchepetsa zokhutitsa, ine sindiona chifukwa choyambira pa magalamu 20. Azaumoyo ambiri amawerenga chilichonse chochepera magalamu 130 pa tsiku kuti ndi kuchepetsa kale, ndipo pamenepo nyemba, chipatso ndi mkaka zimakwanamo. Yambani ndi kusiya zakumwa zotsekemera ndi shuga wa mu tiyi, kenako dulani pakati gawo la sitachi pa mbale, malo otsalawo mudzaze masamba. Vuto lofala ndi kudzimbidwa, ndipo limabwera anthu akamva kuti njirayi ndi ya nyama basi. Masamba azichuluka kuposa nyama, madzi muzimwa. Samalaninso mtundu wa mafuta. Njirayi nthawi zambiri imatsitsa shuga wa m'magazi ndi mafuta otchedwa triglycerides, koma munthu akadalira batala, soseji ndi nyama yonona, cholesterol yoipa yotchedwa LDL, imene imatseka mitsempha ya magazi, imatha kukwera. Nsomba, nkhuku, mtedza, mapeyala ndi mafuta ochokera ku mbewu ndi zimene ziyenera kutsogola. Ndipo mtedza ndi tchizi, ngakhale zili zololedwa, zikamadyedwa manja awiri sikelo imaima.

Ya mapointi nayo ili ndi misampha yake. Woyamba ndi zakudya za m'paketi zolembedwa kuti mafuta ndi ochepa. Kawirikawiri pochotsa mafuta amaonjezera shuga kuti zikome, choncho tembenuzani paketi muwerenge kumbuyo. Wachiwiri ndi kudzimana tsiku lonse kuti mapointi akathere pa mowa kapena keke madzulo. Masamu amakwana, koma thupi lagona ndi njala, ndipo mawa lake limabweza. Mowa wokha uli ndi makalori 7 pa galamu. Wachitatu ndi zakudya zopanda mapointi. Kusowa nambala sikutanthauza kusowa makalori, nthochi 5 ndi chakudya ndithu. Musachotse mafuta onse, chifukwa mavitamini A, D, E ndi K amafuna mafuta kuti thupi liwalandire.

Mapointi enieniwo ndi a kampani ndipo umembala ndi wolipira. Amene simungathe, kope, supuni yoyezera mafuta ndi mbale yocheperako zimagwira ntchito yaikulu yomweyo. Chimene simuyenera kusiya ndi gulu. Kafukufuku wa mu 2009 wotsogoleredwa ndi Frank Sacks, wa anthu 811 kwa zaka ziwiri, anapeza kuti kagawidwe ka mafuta ndi sitachi sikanasinthe zotsatira, koma amene ankabwera kumisonkhano mokhulupirika ndi amene anachepa kwambiri. Pezani anzanu awiri kapena atatu oti muzikwera nawo sikelo tsiku limodzi pa sabata.

Pali ena amene sayenera kuyamba okha. Ngati mumabaya insulin kapena mumamwa mankhwala a shuga monga glibenclamide, kudula zokhutitsa mwadzidzidzi kungagwetse shuga mpaka kukomoka. Mlingo wa mankhwala uyenera kusinthidwa ndi dokotala musanayambe, osati mutagwa kale. Omwa mankhwala a shuga a gulu la SGLT2, monga empagliflozin ndi dapagliflozin, asatsate kadyedwe kochepetsa kwambiri zokhutitsa, chifukwa magazi angachuluke asidi moopsa ngakhale shuga akuoneka kuti ali bwino. Omwa mankhwala a BP aziyezetsa pafupipafupi, poti thupi likamachepa BP imatsika ndipo chizungulire chimayamba. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, odwala impso, ana, ndi aliyense amene anavutikapo ndi matenda odzimana chakudya kapena kudya mosadziletsa, ayambe aonana ndi achipatala pa njira iliyonse mwa ziwirizi.

Pa sikelo kwerani kamodzi pa sabata, m'mawa, mutachoka kuchimbudzi, musanadye, sikelo yomweyo. Yezaninso chiuno ndi tepi ya telala podutsa pa mchombo, chifukwa nthawi zina chiuno chimachepa sikelo itaima. Theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa sabata ndi liwiro labwino. Kuchepa ndi 5 mpaka 10 peresenti ya kulemera kwanu, kutanthauza makilogalamu 4.5 mpaka 9 kwa munthu wa makilogalamu 90, n'kokwanira kuti shuga ndi BP ziyambe kusintha. Ipatseni njira yanu miyezi 3. Ikatha miyeziyo sikelo ndi tepi zisanasunthe, bwererani ku kope kwa sabata imodzi muone chimene chazemberamo. Mukapeza kuti mukutsata bwinobwino koma mukuvutika nayo tsiku lililonse, sinthirani ku inayo. Amene mukuchoka ku njira yochepetsa zokhutitsa, bwezeretsani chakudya chimodzichimodzi, kuyambira nyemba ndi zipatso, ndipo yembekezerani kuti sikelo ikwera ndi kilogalamu imodzi kapena awiri m'masiku ochepa. Amenewo ndi madzi aja akubwerera m'minofu, ndipo kulemera kwanu kwenikweni mukuwerenge patatha masabata awiri.