Momwe mungadzalire nsungwi zachikuda kuti zigwire

Nsungwi ndi udzu. Ambiri amaziyesa mitengo chifukwa cha kutalika, koma mukayang'ana mfundo ndi masamba ake muona kuti ndi banja limodzi ndi chimanga, nzimbe ndi tsekera. Zathu za kuno, zomwe akatswiri amazitcha Oxytenanthera abyssinica, zimamera m'mapiri ndi m'mphepete mwa timitsinje m'nkhalango za mombo ndi masuku, monga ku Thuma. Zilibe mphako yaikulu mkati, chilimwe zimayoyola masamba koma osafa, ndipo zimakula mowirira pachitsa chimodzi osalanda munda wonse.

Za njere iwalani. Nsungwi zimachita maluwa kamodzi patapita zaka zambiri, ndipo zikabereka chitsa chimauma. Kudula tsinde n'kuzika ngati chinangwa sikugwira kawirikawiri pa mtundu uwu. Chodalirika ndi kupatula chitsa, mvula itangokhazikika mu Disembala.

Pemphani kwa mnzanu amene ali nazo kudimba. M'nkhalango yotetezedwa simukumba popanda chilolezo cha a zankhalango. Sankhani nsungwi ya chaka chimodzi kapena ziwiri yomwe ili kunja kwa chitsa, muidule chapamwamba kusiya mfundo zitatu kapena zinayi.

Tsono pokumba ndi pomwe pagona nkhani. Pansi pa nsungwi iliyonse pali chitsinde chokhota, chonenepa, chomwe chili ndi maso m'mbali mwake. Masowo ndi amene amatulutsa mphukira. Chitsindecho chimalumikizana ndi mayi wake pa kakhosi kopyapyala, ndipo podula ndi pakakhosi pomwepo basi. Khasu likhale lofukulira patali, pafupi fukulani ndi manja mpaka kakhosi kaoneke, kenako dulani kamodzi ndi chikwanje chakuthwa. Osagwedeza nsungwi kuti izuke, maso amathothoka. Ine zoyamba ndinagula kwa munthu wina wam'mbali mwa msewu, zitakulungidwa bwino m'thumba ndi dothi lonyowa. Zinaphuka masamba, mtima unakhala pansi, koma pofika Meyi zinali zitauma. Nditafukula ndinapeza chitsinde chinatemedwa pakati ndi nkhwangwa, maso onse ataphwanyika. Masamba aja ankangodya chakudya chotsalira mu tsinde. Choncho mukamagula, masulani thumba muone maso ndi mizu yaing'ono. Wogulitsa akakana, musiyeni. Chenjeraninso ndi amene amagulitsa mbande zachikuda pa mtengo wa nsungwi zikuluzikulu za ku Asia zija, Dendrocalamus asper, poti zikakhala zazing'ono m'machubu n'zovuta kusiyanitsa.

Dzalani tsiku lomwelo, mizu isaone dzuwa. Dzenje likhale masentimita 60 kuya ndi kutambalala komwe, musakanize dothi lapamwamba ndi manyowa owolerana, maso akwiririke koma osazama kwambiri. Pondani dothi, thirirani, phimbirani ndi udzu wosakhudza tsinde chifukwa cha chiswe. Pamwamba podula paja matani ndi dothi lonyowa kuti pasaume. Kuchoka pa chitsa china kufika pa china musiye mamita 5.

Zotsalazo n'zodziwika. Tchingirani mbuzi, lambulani moto usanayambe kulusa, thirirani chilimwe choyamba chokha. Kudula muyambe pakatha zaka zinayi kapena zisanu, nthawi yachilimwe, ndipo muzitenga zokhwima zamkati mwa chitsa. Zanthete zimafumbwa msanga, nkhokwe yake siikhalitsa.