Momwe mungasinthire mawati, mamiliwati ndi mamayikulowati musanagule batire

Ife amene timakonza mawailesi, matochi ndi tizipangizo ta sola kuno ku Ulongwe timakumana ndi zilembo izi tsiku ndi tsiku: W (wati), mW (miliwati) ndi µW (mayikulowati). Wati imodzi ili ndi mamiliwati 1000, ndipo miliwati imodzi ili ndi mamayikulowati 1000. Mukamatsika, chulukitsani ndi 1000. Mukamakwera, gawani ndi 1000. Kachilembo ka µ kamavuta kukapeza pa foni, n'chifukwa chake ambiri amangolemba uW. M wamkulu musamusokoneze ndi m wamng'ono, chifukwa MW ndi mawati miliyoni imodzi, muyeso wa zinthu ngati damu la Cahora Bassa ku Songo, lomwe mphamvu yake ndi 2075 MW.

Choyamba yezani magetsi amene kachipangizo kanu kakukoka. Pamafunika mita. Yanga ndi ija yachikasu yotchipa, ndinagula pa mametikali 600, ndipo ili ndi malo olembedwa 200µ, 2000µ, 20m ndi 200m, oyezera magetsi okokedwa mu mamayikulowampeya (µA) ndi mamiliampeya (mA). Yambirani pamalo akulu n'kumatsika. Musanapereke ndalama muiyese pomwepo, poti ogulitsa ena amakupatsani mita yomwe fyuzi yake yamkati inapsa kale, moti imayeza mavoti bwinobwino koma mukafika pa ma mA imangoonetsa ziro.

Mukapeza nambala, ichulukitseni ndi mavoti. Mavoti kuchulukitsa ndi ma mA kumapereka mamiliwati, mavoti ndi ma µA kumapereka mamayikulowati. Kababu kofiira ka LED kokoka 20 mA pa mavoti 2 kakudya 40 mW, omwe ndi 0,04 W kapena 40000 µW.

Mwaona kuti ndalemba 0,04 ndi vírgula. Apa ndi pamene ndinagwera m'dzenje, ndipo ndikufuna mumvetsetse bwino. Kuno ku Mozambique tinaphunzira kusukulu kuti vírgula imalekanitsa nambala yathunthu ndi kachidutswa kake, choncho 1,5 ndi imodzi ndi theka. Abale athu a tsidya la Dedza, komanso mapepala ambiri olembedwa m'Chingerezi, pamenepo amaika kadontho, ndipo vírgula amaigwiritsa ntchito polekanitsa zikwi. Katundu wathu amalowera mbali zonse, wina kuchokera ku Tete, wina kudzera pa Calómuè kapena Zóbuè, ndiye mapepala ake amasakanikirana patebulo limodzi.

Chaka china malume anga anandipempha kuti ndiwaikire alamu pa khola la ng'ombe, yoti izitumiza uthenga pa foni chitseko chikatsegulidwa usiku. Pa kapepala ka chipangizocho panalembedwa 1,200 mW. Ine ndinawerenga mwa Chipwitikizi, kuti ndi miliwati imodzi ndi kachidutswa. Batire linali lija la mtundu wa 18650, la 2500 mAh (muyeso wa magetsi amene batire limasunga) pa mavoti 3,7, zomwe mukachulukitsa zimapereka 9250 mWh, kutanthauza mamiliwati 9250 kwa ola limodzi. Nditagawa ndi 1,2 ndinapeza maola opitirira 7700, ndipo ndinawauza malume kuti miyezi khumi adzagona osadandaula. Kapepalako kanali ka Chingerezi. Tanthauzo lake linali mamiliwati 1200, omwe ndi 1,2 W, ndipo batire limenelo silikanafika ngakhale maola asanu ndi atatu. Linkatha kusanache, nthawi yeniyeni imene akuba amayenda. Malume anagona masabata awiri akukhulupirira chinthu chakufa, ndipo ndikakumbukira mtima umandiwawabe ngakhale ng'ombe sizinabedwe.

Kuyambira pamenepo ndimayamba ndaona chilankhulo cha pepala ndisanawerenge nambala. Pakakhala manambala atatu ndendende pambuyo pa vírgula kapena kadontho, ndimakayikira, n'kutenga mita kuyeza ndekha. M'kope langa zikwi ndimazilemba zogundana popanda chizindikiro chilichonse. Dzifunseninso ngati yankholo likumveka, chifukwa chinthu chimene chimalankhula ndi nsanja ya foni sichingakhale ndi moyo pa miliwati imodzi.

Za nthawi imene batire lingakhale, ndi masamu omwe aja: mAh kuchulukitsa ndi mavoti, kenako kugawa ndi mamiliwati. Zonse zikhale pa muyeso umodzi musanagawe. Kabatire kozungulira ka CR2032 kali ndi pafupifupi 660 mWh, ndiye kachipangizo ka 30 µW, omwe ndi 0,03 mW, kangayende maola 22000. Mabatire a 18650 olembedwa 9900 mAh asiyeni pamsika pomwepo, enieni amathera cha pa 3500 mAh.

Mukaona dBm, muyeso wa mphamvu ya siginolo, pa rauta kapena pa foni, kumbukirani kuti 0 dBm ndi 1 mW, 20 dBm ndi 100 mW, 30 dBm ndi wati imodzi. Mukawonjezera 10, mphamvu yachuluka kakhumi.