Makina Ocotsa Sinowo a pa Thalakita: Zocita Akavuta

Malangizo awa ndi a makina amene amamangidwa kutsogolo kwa kathalakita ka pakhomo kuti azikokolola sinowo ndi kumuponya kutali. Ambili a ife tinawaonela koyamba ku Canada kapena ku Minnesota, conco tiyambe ndi maina. Citsulo copotana cakutsogolo ndi auger. Imasonkhanitsila sinowo pakati, pamene pali fani yothamanga kwambili, ndipo faniyo imamukankhila mu chute, paipi yoima ija imene mumatembenuza. Mphamvu imacoka ku injini kupitila pa lamba mukayatsa PTO, swichi kapena kogwilila kolumikiza injini ku makinawa.

Musanagwile ciliconse, zimitsani PTO, mangani buleki, zimitsani injini, ikani kiyi m'thumba mwanu, ndipo zulani waya wa pa pulagi. Dikilani mpaka zonse zitaleka kuzungulila. Musalize injini m'galaji yotseka ngakhale kunja kuzizile bwanji, cifukwa mpweya wa carbon monoxide ulibe fungo ndipo umapha.

Chute yatsekeka

Musalowetsemo dzanja, ngakhale injini ili zii. Sinowo akatsekeleza fani, lamba amatsala ali wokokeka, ndipo mukangocotsa cotsekaco fani ikhoza kutembenuka mwadzidzidzi. Kutembenuka pang'ono cabe kumakwana kudula zala, ndipo magolovesi sateteza kanthu. Sewenzetsani kandodo kapulasitiki kamene kanabwela ndi makina, kapena mtengo wa tsache.

Kawilikawili vuto ndi sinowo wonyowa, uja wolemela ngati phala amene amagwa kuzizila kukakhala pafupi ndi madigiri 0 a Celsius. Onani kogwilila ka liwilo la injini. Pali cithunzi ca kalulu ndi ca fulu. Injini izikhala pa kalulu nthawi zonse, koma thalakita iziyenda ngati fulu. Oyamba kumene amacita zosemphana, amacepetsa injini poopa phokoso kenako n'kuthamangitsa thalakita. Sinowo akakhala wakuya, dulani theka la m'lifupi mwa makina pa ulendo umodzi. Kupopela mankhwala a silicone mkati mwa chute youma kumathandizako kuti asamamatile.

Mbali imodzi ya auger yaima

Mukaona kuti makina akusiya mzele wa sinowo kumanzele kapena kumanja, shear pin yathyoka. Kameneka ndi kabauti kofewa kolumikiza auger ku shafti yake, ndipo kanapangidwa dala kuti kazithyoka auger ikaluma cinthu colimba: mwala, nyuzipepala youma ndi madzi oundana, copondela ca pakhomo, cheni ya galu, waya wa malaiti a Khrisimasi. Cotsani cimene caluma, gogodani cidutswa cotsala kuti cituluke, tembenuzani auger mpaka mabowo ayang'anane, ndipo lowetsani shear pin yatsopano ya nambala yolembedwa m'buku la makina anu. Musaimange mopitilila.

Apa ndiye pamene luso lathu lokonza zinthu ndi msomali kapena bauti iliyonse ya m'cikopo limationongetsa ndalama. Bauti wamba siithyoka. Mphamvu yonse imakathela mu giyabokosi ya pakati, mmene muli giya lofewa la mkuwa, ndipo mano ake amaphwanyika. Gulani ma shear pin angapo cisanu cisanayambe ndi kuwasunga pa thalakita pomwepo. Pakaninso gilisi pa shafti, cifukwa auger ikagwilana ndi shafti ndi dzimbili, shear pin siingathyoke ngakhale ikhale yoyenela.

PTO yayaka koma palibe cikuzungulila

Mukamva kulila kwa tswii ndi fungo la labala wopsa, zimitsani msanga. Mwina fani yaundana ndi madzi a dzulo. Ikani makina pamalo ofunda asungunuke, musawakakamize. Ngati fani ili yomasuka, onani lamba. Amene anagwilapo nchito pa cigayo adziwa kale: lamba wong'ambika, wonyezimila m'mbali kapena wokhwefuka amangotelela pa pule, kagudumu kamene lamba amayendapo. Onaninso sipuling'i yokoka pule yomangitsa lamba. Poika watsopano tsatilani cithunzi comata pa makina. Mbali yosongoka ya lamba imalowa m'mizele ya pule, msana wake wosalala umagona pa pule yosalala. Pa makina ena, mukapotoza lamba molakwika auger imazungulila cobwelela m'mbuyo.

Ngati PTO ndi yamagetsi ndipo siikumveka kulila kuti "kwa" mukaiyatsa, khalani bwino pampando coyamba, popeza pansi pake pali swichi imene imaizimitsa mukanyamuka. Musaidule waya swichi imeneyi. Kenako onani fyuzi ndi batili. Batili yodzala imaonetsa mavolti pafupifupi 12.6 injini ili yozima, ndipo kuzizila kumaifooketsa.

Matayala akutelela, kapena miyala ikuuluka

Kulemela kwa makina kumapepukitsa kumbuyo kwa thalakita. Ikani macheni pa matayala akumbuyo ndi zitsulo zolemetsa. Makina akamakokolola mbali imodzi, yambani mwaona ngati mpweya uli wofanana m'matayala, kenako linganizani tinsapato tiwili ta m'mbali timene makina amatsetselekelapo pansi. Pa konkili siyani mpata wa mamilimita 3 pansi pa mpeni wokokolola. Pa msewu wa miyala tsitsani tinsapato kuti mpata ufike masentimita 2 kapena 3, ndipo chute isaloze kwa anthu, mawindo kapena motoka.

Injini ikamavuta kulila m'mawa, onani ngati muli oilo ya m'cisanu monga 5W-30, komanso ngati petulo sanakhalitse kupitilila masiku 30. Mukatsiliza nchito, lekani auger izungulile mphindi zocepa kuti itaye sinowo wotsala. Makina akayamba kunjenjemela mwacilendo mutagunda cinthu, auger kapena fani yapindika. Zimitsani, ndipo muwapeleke kwa makanika wa kumene munawagula.