Zithunzi sizimaoneka kwa owunika pa A2I

Pa Amazon A2I, sevisi ya AWS yotumiza ntchito kwa anthu owunika, ndinakonza zoti modelo ikakayikira chithunzi, confidence (mlingo wa kutsimikiza kwake) ikatsika pansi pa 0.7, code yanga ya boto3 (laibulale ya Python ya AWS) iitane start_human_loop kuti munthu achione yekha. Ntchito zimafika bwinobwino koma owunika amangoona kabokosi kopanda kanthu. Ndinasintha IAM role (yomwe imapereka zilolezo pa AWS) kawiri, ndinakwezanso zithunzi zija ku S3 (kosungira mafayilo pa AWS), palibe chinasintha.

Kenako ndinapeza kuti vuto linali mu template yanga yomwe ya tsamba la owunika, ndinangolemba task.input.taskObject basi, pomwe bucket yosungira zithunzizo ku S3 ndi ya private ndiye browser ya owunika ilibe chilolezo chotsegula s3://. Ndinawonjezera | grant_read_access kumapeto kwa task.input.taskObject, iyi ndiyo imapanga link yakanthawi yoti chithunzi chitseguke. Ndinapanga task UI (tsamba la owunika) ndi flow definition (dongosolo la ntchito yowunika) zatsopano, ndikuikanso CORS (malamulo olola browser kutenga mafayilo ku domain ina) pa bucket, zithunzi zinayamba kuoneka pompo.