Aneurysm ikatsekedwa, thupi ndilo limamaliza ntchito

Wodwala akatuluka m'chipatala atamutseka aneurysm ya mu ubongo, abale mitima imakhala pansi, n'kumati zatha. Ayi, sizinathe. Madokotala angoyala maziko, khoma limangidwa ndi thupi la wodwalayo, ndipo zimatenga miyezi.

Aneurysm ndi malo ofooka pa mtsempha wa magazi, pamene khoma limafufuma ngati chubu cha njinga chikatha mphamvu. Anthu akuluakulu pafupifupi 3 mwa 100 alionse ali nayo mu ubongo osadziwa. Njira yakale yoitsekera, imene Walter Dandy anayamba mu 1937, ndiyo kutsegula chigaza n'kupana khosi la chotupacho ndi kachitsulo. Mu 1990 Guido Guglielmi anabweretsa ina: kapaipi kopyapyala kamalowa mu mtsempha wa m'mphechepeche kapena wa padzanja mpaka kukafika mu ubongo, n'kudzaza chotupacho ndi timawaya tofewa ta platinum. Odwala ena amawaikira kaukonde ka waya mu mtsemphamo kuti magazi azingodutsa, osakhotera m'chotupa.

Apa ndi pamene ambiri samvetsa. Timawayato sitidzaza dzenje lonse, nthawi zambiri sitifika ngakhale theka. Ntchito yake n'kuchedwetsa magazi kuti aundane pakati pake. Magazi akaundana, thupi limaona ngati pali chilonda, ndipo limatumiza asilikali ake, maselo oyera a m'magazi. Kumeneku ndiye kutupa kumene achipatala amanena.

Tonse tinaonapo chala chochekedwa ndi mpeni. Chimafiira, chimatentha, chimafufuma pang'ono, kenako nkhanambo, pamapeto pake chipsera. Mu aneurysm ndi chimodzimodzi. Masiku oyamba amafika maselo othamanga otchedwa neutrophils. Pambuyo pake amabwera ma macrophage, amene amadya magazi oundana aja pang'onopang'ono kwinaku akuitana maselo omanga kuti aluke ulusi wolimba wa collagen. Pomaliza, kakhungu kosalala ka m'kati mwa mtsempha kamamera n'kuphimba pakamwa pa chotupacho. Pakamwapo pakapanda kuphimbika, magazi amapitiriza kugunda timawaya tija mpaka kutipanikizira m'kati, dzenje n'kutsegukanso. Izi zimachitika kwa wodwala pafupifupi 1 mwa 5 amene anaikidwa timawaya, makamaka amene chotupa chawo chinali chachikulu kapena cha khosi lotambalala.

Komatu kutupa kuli ngati moto, wochepa umaphika, wochuluka umatentha nyumba. Kutupa kosatha m'khoma la mtsempha ndiko kumathandiza kulifoola poyamba paja. Ndipo mwa odwala ochepa, thupi limalimbana ndi timawaya mopyola muyeso, ubongo wozungulira malowo n'kutupa. Pamenepo dokotala angapereke mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa steroid. Ndi dokotala yekha woyenera kuweruza zimenezo, osati wodwala kapena womusamalira.

Nanga inu mbali yanu ndi iti? Ngati munaikidwa kaukonde, munapatsidwa aspirin pamodzi ndi mankhwala ena monga clopidogrel. Amaletsa magazi kuundana pa waya mu mtsempha waukulu pamene kakhungu kaja sikanamere. Musasiye ngakhale mukumva bwino chotani, chifukwa kusiya msanga kungatseke mtsempha n'kudzetsa sitiroko. Dokotala wa mano akafuna kukuzulani dzino, muuzeni za mankhwalawa, ndipo afunsane kaye ndi amene anakuchitani opaleshoni.

Mutu ukamawawa musathamangire ibuprofen kapena diclofenac musanafunse. Akaphatikizana ndi aspirin, chiopsezo chotaya magazi chimakula, makamaka m'mimba. Mankhwala azitsamba nawonso atchuleni, musabise.

Za fodya sindizengereza: siyani, lero lomwe. Utsi wake umapsereza kakhungu ka m'kati mwa mitsempha, komweko kamene tikudikira kuti kamere. BP nayo muziyezetsa kawirikawiri ndi kumwa mankhwala ake mosadumphitsa, pakuti magazi othamanga mwamphamvu amamenya khoma lomwe lidakali laliwisi.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi odwala amene sabwerera kukaunikidwa. Dzenje likamatsegukanso silipweteka, munthu amadya, amaseka, amagwira ntchito. Chimaonetsa ndi chithunzi chokha cha MRI kapena angiogram, chimene kawirikawiri amajambula patatha miyezi 6, kenako mobwereza monga dokotala angakonzere. Lembani tsikulo pakhoma, ndipo wachibale mmodzi alisunge mufoni yake.

Koma pali zizindikiro zosadikira tsiku limenelo. Mutu wowawa mwadzidzidzi ngati mwamenyedwa ndi chibonga, khosi kuuma, kusanza, kuona zinthu ziwiriziwiri, chikope kugwa, dzanja kapena mwendo kufooka, lilime kulemera, kukomoka. Chimodzi chokha mwa izi chikaoneka, mutengereni wodwalayo kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, ndipo munyamule makalata ake onse a opaleshoni ndi mankhwala amene akumwa.